Envulopu ya Masiku Ano

Mawu omwe adalankhulidwa pamsonkhano wapachaka wa bungwe lathu ku Senga Bay, Salima



Ambirife tidakula nthawi yomwe kalata yochokera kunja inkatha kufika itatsegulidwa kale. Mu 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa pa 8 Malichi, nkhani zinkayenda mobisa pa makina a fax. Sitidabwa tsono kuti Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, pa ndime 21, adaletsa kusuzumira makalata ndi lamya za munthu.

Lero kalata ija ili m'foni. Wogula usipa pano padoko amafunsira pomwepo mtengo wa ku Lilongwe. Ndipo chiyambire 2018, nambala ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso, motero zomwe nambala yachita zimaloza mwiniwake.

Njira yakale yotsegulira masamba a pa intaneti, yotchedwa HTTP, ili ngati positikhadi: aliyense woinyamula angathe kuwerenga. HTTPS ndiye envulopu yomata. Zam'kati zimabisika, koma keyala imakhala kunja, choncho kampani yomwe imakupatsani intaneti imadziwabe tsamba lomwe mwapitako ndi nthawi yake.

Apa mpomwe pabwera Tor, yomwe idayamba mu 2002. Iyo imaika kalata yanu m'maenvulopu atatu, n'kuidutsitsa pa makompyuta atatu a anthu ongodzipereka. Aliyense amang'amba envulopu imodzi yokha. Woyamba amakudziwani koma sadziwa komwe kalata ikupita. Womaliza amadziwa komwe ikupita koma sakudziwani. Vuto lake n'loti imachedwa, chifukwa njira yozungulira ndi yaitali.

Pa mauthenga pali Signal. Uthenga umatsekedwa m'foni mwanu, ndipo kiyi ali ndi wolandira yekha. WhatsApp idatengera maloko omwewa mu 2016, komabe imasunga zambiri za yemwe mumalankhula naye, pomwe Signal imasunga zochepa kwambiri.

Palinso Gemini, ya 2019, yomwe imabweretsa mawu okhaokha popanda tizida tolondola munthu. Siidya mayunitsi ambiri, ngakhale masamba ake ndi ochepa.

Wina anena kuti, "Ine ndilibe chobisa." Nanga zotsatira za kuchipatala? Nanga ngongole yanu, kapena mlandu wa malo? Ngakhale bafa la kumudzi timalimangira mpanda, osati poti kusamba n'kulakwa.

Pempho langa lili patatu. Musalembe nambala yachinsinsi patsamba lomwe keyala yake siyamba ndi HTTPS. Nkhani za chuma cha bungwe lathu tizikambirana pa Signal. Ndipo musauze munthu aliyense woimba foni nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, pakuti loko sathandiza mwininyumba akapereka yekha kiyi.

Amene zamuvuta afunse achinyamatawa tikamamwa tiyi. Safunsa adadya phula.