Ndarama Zophunzitsira Ana a Sekondale Kuipa kwa Kachasu ndi Chamba



Ambiri a inu munagulitsa fodya kapena nandolo kuti mwana akaphunzire sekondale ku Blantyre. Mwanayo tsopano akhala kwa amalume ake ku Chilobwe, patsinde pa phiri la Soche, kapena achita lendi kachipinda ndi anzake. Kumeneko kulibe agogo omfunsa kumene achokera akafika usiku. Popita kusukulu ndi pobwera, adutsa pa makomo ogulitsa kachasu.

Boma laikapo malamulo. Mu 2015 lidaletsa mowa wa m'masacheti, uja ana ankabisa m'thumba la yunifolomu, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya za mowa. Kugulitsa mowa kwa mwana wosafika zaka 18 ndi mlandu. Za chamba mumvetse bwino, alimi: lamulo la 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo ali ndi chiphaso. Kusuta nkoletsedwabe.

Koma wapolisi sangatsate mwana aliyense. Mwana ayenera kudziwa yekha chimene kachasu achita ku chiwindi ndi chimene chamba chichita ku mutu, ndipo malo ophunzirira zimenezi ndi sukulu. Phunziro lake lilipo kale m'sukulu za Boma, lochedwa Life Skills. Chosowa ndi ndarama. Mphunzitsi afunika kuphunzitsidwa kuti azindikire msanga mwana amene wayamba kusuta ndi kudziwa molankhulira naye. Pafunika mabuku okwanira, ndarama ya basi yoti namwino abwere kudzalankhula ndi ana, ndiponso mpira. Musaseke za mpira: mnyamata amene ali pa bwalo mpaka dzuwa kulowa safika kwa mai wa kachasu.

Nanga ndaramazo zichokera kuti? Zimene sukulu ilandira ku Boma, mphunzitsi wamkulu ayamba wagulira choko ndi mapepala a mayeso, nalipira madzi ndi magetsi. Pofika pa nkhani yathuyi m'thumba mwauma, pokhapokha makolo ataiika okha patsogolo pa msonkhano wao ndi aphunzitsi. Palinso thumba la chitukuko cha dera la phungu, lochedwa CDF. Inu mafumu mumakhala pa misonkhano ya chitukuko cha m'mudzi ndi cha m'dera. Kumeneko timapempha milatho ndi mijigo, ndipo nkoyenera. Koma za mabuku ndi masewera a ana a sekondale kawirikawiri sitizichula konse.

Wina adzati ndarama zimenezi bwenzi titamangira chimbudzi cha sukulu. Chimbudzi chifunikadi. Koma mwana akazungulira mutu ndi chamba, ulendo wake ngwa ku chipatala cha amisala ku Zomba, kapena kwa a St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndipo wogulitsa mbuzi kuti amperekeze ndinu nomwe, pamwamba pa fodya uja mudagulitsa kale.

Tsono pa msonkhano wa makolo ukudzawu, pitani nokha kapena tumani mbale amene asunga mwanayo. Mufunse mphunzitsi wamkulu ndarama zingati zapatulidwa chaka chino pa phunziro la za mowa ndi chamba, ndipo yankho lake mlembi alilembe m'buku la msonkhano.