Wangongole Amvedwe Asanamangidwe



Ngongole iyenera kubwezedwa, ndipo chigamulo cha bwalo la milandu chiyenera kulemekezedwa. Komabe pali kusiyana pakati pa munthu amene akukana kulipira ali nazo ndi amene walephera chifukwa cha umphawi. Bwalo silingadziwe kusiyanaku lisanamve mbali ya munthuyo.

Ndime 19 ya Malamulo oyendetsera dziko lino, a 1994, imaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano monga la ngongole. Ndime 11 ya pangano la United Nations la ufulu wa anthu pa zaumzika ndi ndale, limene Malawi adalowamo mu 1993, imanenanso zomwezo.

Choncho ife tikupempha kuti chikalata chomangira wangongole chisatuluke iye asanalandire chisamani ndi kuuzidwa mlandu wake m'chilankhulo chimene amamva. Oweruza afufuze zimene amapeza ndi anthu amene amamudalira, ndipo aone ngati angathe kulipira pang'onopang'ono. Apolisi asalole kuti akatapila awasandutse chida choopsezera osauka. Munthu ali m'ndende salima ndiponso sagulitsa kanthu. Nanga ngongoleyo adzaibweza bwanji?

Tikumbukire fanizo la pa Mateyu 18: kapolo wokhululukidwa uja adalangidwa chifukwa chotsekera mnzake osamva kudandaula kwake.

Inu amene mwalandira chisamani, musathawe. Pitani kubwalo mukafotokoze zoona, ndipo ngati mulibe ndalama zolipirira loya, kapempheni thandizo ku Legal Aid Bureau. Miphakati yathu iperekeze anthu otere.

Ambuye akudalitseni nonse.