MALOLE AKULU-AKULU NDI MTENGO WA THUMBA LA MLIMI

(Mau amene anakambidwa kwa alimi pa wailesi)

Alimi ambiri a m'midzi alibe lole, ndipo ena aganiza kuti nkhani ya malole ndi ya anthu olemera a m'tauni okha. Koma dziko la Zambia liribe nyanja yaikulu ya mcere. Feteleza wambiri amene mlimi athira m'munda atsika pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo zocuruka za katunduyu zifika kuno pa mseu. Cimanga, nshawa, thonje ndi soya nazonso zicoka ku mudzi pa lole. Cotero mafuta amene lole ikumwa, ndi masiku amene itaya pa njira, zonse ziwerengedwa pa mtengo wa thumba. Wolipira weni-weni ndiye mlimi, angakhale dzina lace silinalembedwe pa citseko ca galimotoyo.

MITUNDU YA MALOLE

Makampani opanga malole sapanga mtundu umodzi wokha ai. Scania ndi Volvo za ku Sweden, Mercedes-Benz ndi MAN za ku Germany, Isuzu, Hino ndi Fuso za ku Japan, Tata ya ku India, ndiponso FAW ndi Howo za ku China, zonsezi zioneka pa miseu yathu, zazing'ono ndi zazikulu zomwe.

Lole yaing'ono, yosenza matani awiri kapena atatu, ndiyo ilowa m'tinjira ta m'midzi ndi kuoloka timilatho ta pa madambo. Yapakati, yosenza matani khumi kapena kuposerapo, iyenera kutenga zokolola kucokera ku msika wa m'dera kupita ku boma. Yaikulu koposa iri ndi mutu wokoka ndi ngolo yaitali pambuyo pace. Ikasenza matani 30, ndiye kuti yatenga matumba 600 a makilogalamu 50.

Lole iri yonse iri ndi nchito yace. Yaikulu ikalowa m'njira ya pfumbi nthawi ya dzinja ititimira m'matope, iononga njirayo, ndipo ikhoza kugona pomwepo masiku ambiri. Yaing'ono ikatumidwa ulendo wa ku Lusaka, umene uposa makilomita 500 kucokera ku Chipata, mafuta ace agawidwa pa matumba owerengeka okha, ndipo thumba liri lonse likwera mtengo.

CIPINDA CA DALAIVALA

Kale woyendetsa lole anali kukhala pa mpando wouma, injini iri kumuocha ku miyendo, ndipo usiku anali kugona pansi pa galimoto. M'caka ca 1979 kampani ya Volvo inaturutsa cipinda ca denga lalitali cochedwa Globetrotter, copangira anthu a maulendo atali, ndipo makampani ena nawonso apanga zipinda zotere. Lero lole ya ulendo wautali iri ndi kama kumbuyo kwa mipando, makina oziziritsa mpweya, ndi mpando wokhala pa mpweya wopopedwa umene ucepetsa kugwedezeka pa mabampu. Malole ambiri atsopano asintha okha magiya.

Ena aona zimenezi nanena kuti ndi manyado cabe. Koma munthu amene wayendetsa tsiku lathunthu pa dzuwa la mwezi wa October, msana uli kuwawa, ayamba kusinza osadziwa, ndipo lole ya matumba 600 siima msanga monga njinga. Cifukwa cace ku maiko a ku Ulaya lamulo liti dalaivala akayendetsa maola anai ndi theka apumule mphindi 45, ndipo kacipangizo ka m'galimoto kalemba nthawi yonse imene wayenda. Dalaivala wogona bwino afikitsa katundu. Wotopa agwetsa lole pa ngodya ya phiri, ndipo thukuta la mabanja ambiri limwazika m'cigwa.

LOLE YA MPHAMVU ZIWIRI

Tsopano kwabwera malole ochedwa haibulidi. Lole yotere iri ndi injini ya dizilo monga mwa masiku onse, koma irinso ndi mota ya magetsi ndi batire lalikulu. Macitidwe ace afanana ndi kadainamo ka pa njinga, kamene kayatsa nyali gudumu likamazungulira, nikalemeretsa pang'ono kupalasa.

Aliyense amene anayenda pa mseu wa Great East Road adziwa matsitso aja olowera ku mlatho wa Luangwa. Lole wamba potsika pamenepo igwiritsa mabuleki, ndipo mphamvu yace yonse isanduka moto wotentha zitsulo, nitayika cabe. Lole ya haibulidi ikamatsika, magudumu azungulitsa mota ija, motayo ipanga magetsi ndi kuwasunga m'batire, ndipo nthawi yomweyo ithandiza kugwira lole kuti isathamange. Ikafika pa cikweza, magetsi osungidwawo akankha pamodzi ndi injini, kotero kuti dizilo wocepa ndiye apsya. Mitundu yambiri ya haibulidi sifuna kulumikizidwa ku nthambo za magetsi, pakuti idzaza yokha batire lace poyenda. Ici ndi cinthu cacikulu kwa anthu amene akumbukira kuzima kwa magetsi m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba.

Kampani ya Hino inayamba ndi basi ya mtundu umenewu m'caka ca 1991, ndipo m'caka ca 2019 inaturutsa ku Japan lole yaikulu yochedwa Profia Hybrid, yopangira miseu ya zikweza ndi matsitso.

Komabe lole yotere siipindulitsa pali ponse. Ipulumutsa mafuta kumene kuli mapiri, kapena m'tauni mmene galimoto iima kawiri-kawiri. Pa mseu wautali wa cidikha phindu lace licepa, pakuti palibe potsika podzazira batire. Batire lomwelo lilemera, ndipo kulemera kwace kulanda malo a matumba ena. Mtengo wogulira ndi wokwera, ndipo ikaonongeka ifuna makaniko wophunzira za magetsi amphamvu. Ndico cifukwa cace malole otere sanafale kuno. Mwini malole wanzeru ayamba wayang'ana njira imene galimoto yace iyenda masiku onse asanataye ndalama zace.

ZIMENE ALIMI AKHOZA KUCITA

Pamene ziri kudikirika zatsopanozi, pali zinthu zimene ziri kale m'manja mwa alimi. Mutu umodzi susenza denga. Alimi a mudzi umodzi akasonkhanitsa matumba ao pa malo amodzi, pafupi ndi mseu wabwino, lole idzaza msanga nibwerera tsiku lomwelo, ndipo mwini wace alibe cifukwa cokwezera mtengo. Matumba akhale oyesedwa ndi osokedwa lole isanafike.

Alimi asaumirize dalaivala kuonjeza matumba kuposa muyeso wa galimoto yace. Katundu wopitirira aphulitsa matayala, athyola zitsulo, akumba mseu, ndipo pa sikelo ya boma lole iimitsidwa ndi kulipitsidwa, cimanga ciri pa dzuwa ndi mvula. Anthu asakwere pamwamba pa matumba, makamaka ana, pakuti lole ikapendekeka iwo ndiwo oyamba kugwa.

Ndipo dalaivala akafika pa mudzi madzulo ali wotopa, eni katundu asamkakamize kunyamuka usiku womwewo. Ampatse madzi osamba ndi nsima, koma mowa ai, agone m'cipinda cace, anyamuke m'mamawa kutaca. Cimanga cimene cadikira miyezi yambiri m'munda ndi m'nkhokwe sicidzaola cifukwa ca usiku umodzi.