Galu ndi Munthu Wopuma pa Ntchito

(Mawu amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wathu wa chaka chino)



Tikayang'anana muno, imvi zatikwana. Ambirife tinapuma pa ntchito, ana ali ku Blantyre, ena ku Joni, ndipo nyumba tinamanga ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Bangula zija zangoti zii. Ine mayi akunyumba atatisiya ndinkaswera pakhonde osayankhula ndi munthu. BP inakwera. Adokotala anati ndiziyenda, koma ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, ndani angamangoyenda popanda kolowera?

Anandidzutsa ndi galu. Mdzukulu wanga anandisiyira kagalu, ndipo ikamakwana 5 koloko m'maŵa kamakanda chitseko mpaka nditsegule. Timapita kudimba dzuŵa lisanapse, kupita ndi kubwera ola lathunthu. Musandimve molakwa, mankhwala a BP sindinasiye. Koma tulo ndimapeza, ndipo panjira ndimapatsana moni ndi anthu amene ndinayamba kuwaiŵala.

Madokotala nawo anaziona zimenezi. Mu 2013 bungwe la American Heart Association linati kuŵeta galu kungachepetse chiopsezo cha matenda a mtima, makamaka poti eni agalu amayenda kwambiri. Mu 2017 ku Sweden anaunika anthu oposa 3 miliyoni, napeza kuti pakati pa anthu okhala okha, imfa zinali zochepa kwa amene anali ndi galu. Kumeneko galu amagona m'nyumba. Wathu amagona paphulusa, kudya mkute ndi kuthamangitsa afisi kukhola la mbuzi, komabe akakuonani mchira amagwedeza chimodzimodzi.

Tsono pali chiwewe, ndipo apa ndikupempha mumvetsere. Zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, munthu sachira, ndipo olumidwa kaŵirikaŵiri ndi ana, adzukulu athu omwewa. Galu azibayidwa katemera chaka ndi chaka. Alangizi a ziŵeto alipo, afunseni. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo thamangani naye kuchipatala, kaya ku Chikwawa, ku Nsanje kapena chimene chili pafupi. Musayambe mwadikira kuti muone ngati galuyo apenge.

Wanga ndikukambayitsa mwezi wamaŵa. Amene tayandikana nyumba mundipeze tikatuluka muno, tidzapitire limodzi.