NDANI ADZALIPIRA CIPATALA WANCHITO AKADWALA?

(Mau amene mnzathu, yemwe anali kalaliki pa mgodi, ananena pa msonkhano wa anchito m'komboni.)



Ndaimirira pano kunena za nkhani imene yalowa m'nyumba iri yonse. Mtengo wa mankhwala ndi wa cipatala wakwera, ndipo anthu agawika pawiri. Ena akuti Boma lisonkhe ndarama za ife tonse m'thumba limodzi. Ena akuti iai, munthu ali yense adzigulire yekha inshuwalansi ku kampani. Ine nchito yanga inali yowerenga malipiro, tsono ndidzanena za ndarama.

Poyamba tikumbuke kumene tacokera. Titalandira ufulu mu 1964, cipatala ca Boma cinali caulere. Pa migodi kampani inali ndi zipatala zace, ndipo wanchito, mkazi wace ndi ana ace anali kucizidwa kumeneko. Mu 1993 Boma linayamba kulipiritsa odwala. Pofika 2000 migodi ya ZCCM inali itagulitsidwa, ndipo atate athu ambiri amene anacotsedwa nchito anataya malipiro ndi cipatala comwe. Phunziro lace ndi ili: cipatala comangika ku nchito cimatha tsiku limene nchito yatha. Malipiro a pa kiliniki anacotsedwa ku midzi mu 2006, ndi m'matauni mu 2012. Koma dotolo akakupatsa kapepala kakuti ukagule mankhwala ku kemisiti, ulere uja uli kuti?

Cifukwa ninji mtengo ukwera? Mankhwala ambiri ndi makina a cipatala tiitanitsa ku maiko ena, ndipo tilipira ndi dola. Mu 2017 dola imodzi inali pafupi ndi K10. Mu 2024 inapitirira K25. M'bulu wa mankhwala unali womwewo, koma kwacha yogulira inaculuka kawiri ndi theka. Ndiponso matenda a shuga, a BP ndi a khansa aculuka, ndipo amenewa safuna jekeseni imodzi ai, afuna mankhwala zaka ndi zaka.

Tsono tione thumba la Boma. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la inshuwalansi ya dziko lonse, ndipo mu 2019 bungwe la NHIMA linayamba nchito. Pamene linayamba, lamulo linati wanchito apereke ngwee imodzi pa kwacha iri yonse ya malipiro ace, ndi bwana wace aonjezepo ngwee yina. Wolandira K3,000 apereka K30, bwana K30, zonse K60. Wolandira K30,000 apereka K300. Koma akafika ku cipatala onse awiri ali ndi khadi lofanana. Ndiwo mutu wa nkhani. Wamphamvu asenzako katundu wa wofoka, mnyamata wa nkhalamba, monga ticitira pa maliro m'komboni muno.

Kampani ya inshuwalansi siyenda tero. Sindikuti eni ace ndi anthu oipa, koma iwo ali pa malonda, ndipo wamalonda afuna phindu. Mtengo wao sayesa ndi malipiro ako; ayesa ndi msinkhu wako ndi zimene ufuna kuti akulipirire. Ambiri aika malire a ndarama pa caka, ndipo matenda amene unali nao kale akhoza kuwakana kapena kukudikiritsa. Zoona, amene ali nayo saima pa mzere wautali. Koma mlonda wa usiku, mai wa pa msika ndi kondakitala wa minibasi adzaipeza kuti ndarama yotere?

Onani maiko ena. Ku America, kumene anthu ambiri adalira makampani, dziko limaononga pafupi madola 17 pa madola 100 ali onse a cuma cace pa za umoyo, kuposa maiko onse olemera, koma anthu mamiliyoni alibe inshuwalansi. Ku South Africa, pa anthu 100 ali onse osafika 20 ndiwo ali m'mabungwe olipira okha, ndipo mu 2024 Pulezidenti Ramaphosa anasaina lamulo la thumba la dziko lonse. Ku Britain cipatala ca onse cinayamba pa 5 July 1948. Nduna imene inaciyambitsa, Aneurin Bevan, inali itagwirapo nchito mu mgodi wa malasha ku Tredegar, kumene anchito anali kusonkha pang'ono pa malipiro ao kuti alipire madotolo. Nzeru imeneyi inacokera kwa anthu a pa mgodi onga ife.

Koma tisanamizane, abale. Thumba la Boma nalo limabooka. Ku Britain komweko ndarama zinacepa msanga, ndipo mu 1952 anayamba kulipiritsa sheleni imodzi pa kapepala ka mankhwala. Kuno kwathu osonkha ndi ocepa, cifukwa anthu ambiri sali pa nchito ya malipiro a pa mwezi, koma odwala ndi ambiri. Ndiponso pali akuba. Mu May 2025 kazembe wa America ku Lusaka analengeza kuti dziko lace licotsa madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala, cifukwa mankhwala opatsidwa mwaulere anali kupezeka pa malonda m'makemisiti. Wakuba mankhwala waba m'thumba mwako ndi mwanga.

Nanga ticite ciani? Ndinena zitatu. Coyamba, yang'anani kapepala ka malipiro anu, ndipo funsani ku ofesi ya NHIMA ngati ndarama imene bwana adula ifikadi. Caciwiri, lembetsani mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana lero, musadikire usiku wa malungo. Cacitatu, mabungwe athu a anchito aumirire kuti caka ndi caka tiuzidwe poyera ndarama zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi zipatala zimene zalandira.

Amene ali ndi ndarama zambiri agule inshuwalansi ya kampani ngati afuna, palibe womletsa, koma asaleke kusonkha m'thumba la onse. Olemera ndi amoyo wabwino akatulukamo, mudzatsala osauka ndi odwala okha, ndipo thumba lidzagwa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Thumba ili ndi lathu. Tilisunge, ndipo tililondere.