Mafuta a Ndege Amaŵerengedwa ndi Wotchi

Anzathu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amaziona ndege zing'onozing'ono zikutsika pa bwalo la ku Mtakataka. Lero tifunse: kodi woyendetsa ndege yotere amadziŵa bwanji mafuta amene amtsalira, poti kumwambako kulibe poima?

Mwina mukuti amayang'ana geji monga achitira dalaivala wa lole. Gejiyo ilipodi, koma woyendetsa wochenjera saikhulupirira yokha, pakuti mafuta amakhala m'mapiko ndipo amakhapira ndege ikamapendekeka. Asananyamuke amakwera pa phiko, natsegula thanki, naviikamo kandodo koyezera. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amakhanso pang'ono kunsi kwa thanki kuti aone ngati mwaloŵa madzi.

Akanyamuka, ntchito imatsala kwa wotchi. Ndege ya mtundu wa Cessna 172, ya anthu anayi, imamwa malita ngati 30 pa ola, nithamanga makilomita ngati 200 pa ola lomwelo. Motero mafuta saŵerengedwa ndi mtunda koma ndi nthaŵi.

Tiyerekeze ulendo wochokera ku Mtakataka kunka ku Likoma, makilomita pafupifupi 240. Kopanda mphepo ndi mphindi 72, malita 36. Koma asodzi a ku gombe akuudziŵa mwera, umene umaomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira. Ndege yobwerera ikalimbana ndi mwera wa makilomita 40 pa ola, ulendowo umatenga mphindi 90, malita 45. Mtunda ndi womwewo, koma malita 9 apita. N'chifukwa chake malamulo a m'maiko ambiri amati potera masana patsale mafuta a mphindi 30, ndipo usiku a mphindi 45.

Masamu akaphonyeka, ngakhale ndege yaikulu imavutika. Pa 23 July 1983, Boeing 767 ya Air Canada inathera mafuta m'mlengalenga chifukwa pothira anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu. Inatera injini zonse zitazima ku Gimli, ndipo sipanafe munthu.

Tsono ana a sukulu amene mukulakalaka ntchitoyi, limbikirani masamu ochulukitsa ndi ogaŵa, pakuti miyoyo ya okwera imatsamira pamenepo.