Pabwalo la masewero, aphunzitsi akhale maso

Kuzunzana kwa ana asukulu sikuthera m'kalasi ayi. Kumafika mpaka pabwalo, pomwe thupi la mwana limaonekera kwa aliyense. Mtsikana wayamba kumera mabere, akamathamanga anyamata akumukuwiza. Wina ndi wonenepa, posankhana matimu amatsala yekha. Mawa lake anamizira mutu, kenako mpira wamanja wausiyiratu.

Ndiye anzathu a m'ma TTC, omwe adzaphunzitse masewero olimbitsa thupi mu Expressive Arts, awakonzekeretse pa zinthu zitatu asanapite ku teaching practice.

Choyamba, matimu azigawa mphunzitsi, osasiyira ana kusankhana. Chachiwiri, mwana akanyozedwa, wezulo ilire pomwepo. Zomati "ndi zachibwana izi" zitheretu. Wonyozedwayo amufunse pambali, osati pagulu. Chachitatu, adziwe kopita nayo nkhani: kwa ahedi, ku mother group, kapena kuimba 116 ngati zafika pogwira mwana thupi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zoterezi.

Ngati mng'ono wanu anasiya masewero mwadzidzidzi, mukamufunse chifukwa chake lero lomwe.